Zengerezu Analinda Kwaukwau

Mau olankhulidwa pa chikondwerero cha Chigwirizano cha Amai ku Chiwamba

Ndapatsidwa nthawi yochepa, ndiponso ndikuona utsi kukhitchini uko, chotero sindizungulira. Ndifuna tikambirane za khalidwe lina limene sitilitchula kawirikawiri pa misonkhano yathu, ngakhale latilanda anzathu ambiri. Ndikunena khalidwe lozemba chinthu chimene tikuchiopa.

Poyamba timdziwe bwino munthu wozembayu, chifukwa ambiri amamsokoneza ndi mlesi. Mai amene akuzemba kuchipatala kawirikawiri ndi yemwe uja amadzuka tambala woyamba, natunga madzi, nakapalira, nabwera kudzasoka fodya mpaka mdima. Ntchito ndiyo pobisalira pake. Mukamfunsa za ululu umene anakuuzani mwezi watha, ayankha kuti, "Ndipita tikatha kubandira." Kubandira kukatha akuti tithyole kaye fodya. Fodya akalowa m'chigafa akuti tikolole chimanga, kenaka akudikira ndalama za ku okushoni, ndipo ndalama zikamabwera mvula nayo yagwa. Chaka chatha chotero, popanda tsiku limodzi limene maiyu anakhala pansi osagwira ntchito. Makolo anati zengerezu analinda kwaukwau, koma sanatiuze kuti zengerezu angathe kukhala munthu wakhama kuposa onse m'mudzi.

Nanga n'chifukwa chiani munthu wanzeru zake amachita zimenezi? Amene amaphunzira za maganizo a anthu anapeza kuti msampha wake uli pa mpumulo. Mukaganiza za chinthu choopsacho mtima umagunda, m'mimba mumatentha, m'manja mumatuluka thukuta. Mukangonena kuti "mawa", zonsezi zimaleka nthawi yomweyo. Thupi limaphunzira msanga kuti mankhwala a mantha ndi kuzemba, ndipo tsiku lotsatira limafunanso mankhwala omwewo. Tsono popeza simunachiyandikire chinthu chija, simupeza mpata woona kukula kwake kwenikweni. Zili ngati mwana amene anauwidwa ndi galu pa khomo lina nayamba kulambalala njira ya kutali popita kusukulu. Angathe kulambalala zaka zitatu, osadziwa kuti galu uja anafa kale.

Khalidwe limeneli limavala malaya osiyanasiyana. Wina walephera kubweza ngongole ya banki m'khonde sabata imodzi, ndipo m'malo mokafotokoza kwa anzake wasiya kupita ku gulu, chiongola dzanja n'kumakwera. Wina sanapite kukapepesa maliro m'masiku oyamba, tsono manyazi akukula mwezi ndi mwezi mpaka akuthawa mnzake pa mjigo. Wina analumpha tsiku lokatenga mankhwala a BP kapena ma ARV, ndipo akuopa kuti anamwino akamkalipira. Zonsezi ndi mtundu umodzi. Koma ndifuna ndikhalitse pa chimodzi chimene chimapha, ndicho kuzemba kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero.

Dziko lathu la Malawi lili m'gulu la maiko amene matendawa achuluka koposa pa dziko lonse lapansi. M'chaka cha 2020 akatswiri anawerengera kuti amai oposa 4,000 anagwidwa ndi khansa imeneyi muno m'Malawi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthendayi siibwera mothamanga. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, ndipo bungwe la WHO limanena kuti pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti isanduke khansa mwa mai amene chitetezo chake cha m'thupi chili bwino, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa amene chitetezo chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala. Zaka zonsezi khomo lili chitsegukire. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, nayang'ana ngati pali malo amene ayera. Akawapeza asanasanduke khansa, amawatentha ndi kachipangizo kakang'ono kwa nthawi yochepa, ndipo mai amabwerera kwao ndi miyendo yake tsiku lomwelo.

Mantha amanong'oneza kuti, "Ukapita akakupeza nayo." Tiyeni tiwayankhe ndi chiwerengero cha kwathu konkuno. Chipatala cha Nkhoma chinayamba ntchito yoyeza ndi kuchiza tsiku limodzi m'chaka cha 2013, mothandizana ndi anzathu a ku Scotland. Kuyambira October 2013 kufikira March 2015 anayeza amai 7,088 amene anali asanayezedwepo chiyambire. Mwa amai 100 ali onse, pafupifupi 6 okha ndiwo anapezeka ndi malo oyera aja, ndipo ambiri a iwo anathandizidwa tsiku lomwelo. Ambiri mwa enawo anamanga chitenje nabwerera kumudzi opanda kanthu. Ndi angati mwa amenewa anagona osapeza tulo miyezi yambiri chifukwa cha galu amene kunalibe?

Mwina wina anena kuti, tawauzani zimenezi mwamphamvu, muwadzudzule, apita. Ine ndikukana. Tayesa kukalipa kwa zaka zambiri, m'makalasi a sikelo ndi m'nyumba zathu, ndipo chimene kukalipa kumabala ndi manyazi. Munthu wamanyazi amabisala kwambiri kuposa poyamba. Mai amene mwamnyoza pagulu kuti ndi wamantha, mawa sazemba chipatala chokha, azembanso inu.

Choyamba chofunika ndi kudekha, ndipo kudekha kumayambira m'thupi. Munthu amene mtima ukuthamanga sangathe kuganiza molongosoka, monga simungaone nkhope yanu m'ndowa ya madzi imene ikugwedezeka. Mantha akabwera, khalani pansi pa mphasa kapena pa khonde. Kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, ndipo poutulutsa muchedwe kuposa m'mene munaukokera. Chitani chotero kakhumi. Musalimbane nao manthawo kapena kudzitukwana chifukwa chakuti mukuopa. Ingowatchulani dzina mumtima kuti, "Awa ndi mantha, abwera ndipo apita." Mudzaona kuti amakwera, nafika pachimake, kenaka amatsika okha ngakhale simunathawe. Ambiri a ife sitinaonepo kutsika kumeneku, chifukwa timathawa asanafike pamwamba. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndichitchula mwachidule, ngakhale ndikudziwa kuti ena museka. Idyani ndipo gonani. Ife amai timagawa ndiwo kwa bambo, kwa ana, kwa alendo, ife n'kutsala ndi msuzi wa pansi pa mphika, ndiye tikudabwa kuti chinthu chaching'ono chikutilemera ngati thumba la feteleza. Nkhawa ya usiku wa manu, pamimba pali pululu, imakula kawiri. Musagamule nkhani yovuta muli ndi njala kapena musanagone. Kusamba, kudzola mafuta, kumwa phala musanapite kumunda, kukhala kanthawi pamthunzi ndi mnzanu, zimenezi si kunyada ai. Khasu lomwe timalinola ndi kulisunga pouma.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo pano ndikutengerani ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira ntchito kalelo. M'chaka cha 2006 dokotala wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, anayamba ntchito ina ku Mbare mu mzinda wa Harare. Madokotala a mtundu wao anali ochepa kwambiri m'dziko lonselo, chotero anaphunzitsa agogo aakazi, anthu ngati ife tomwe, nawaika pa mabenchi a matabwa panja pa zipatala zazing'ono. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench, ndiye kuti benchi ya ubwenzi. Munthu wovutika ndi kuganiza kwambiri, kumene Ashona amati kufungisisa, amakhala pa benchipo nafotokoza zonse zimene zamsautsa. Gogo samlalikira ndipo samuuza chochita. Amamvetsera, nathandiza munthuyo kuyala mavuto ake onse poyera, kenaka amfunsa kuti asankhepo limodzi lokha. Pa vuto limodzilo amapangana kanthu kamene munthuyo angathe kuchita asanabwerenso, tsiku lake ndi nthawi yake. Amakumana chotero mpaka kasanu ndi kamodzi.

M'chaka cha 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 500 zinasindikizidwa. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi agogo, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti agogowo sanachotse umphawi wa munthu ali yense. Ngongole zinalipobe, amuna ovuta analipobe. Anangothandiza munthu kuleka kuyang'ana phiri lonse, nayamba kuona mwala umodzi umene angathe kuunyamula lero.

Tsono tiyeni tiidule nkhani ya kuchipatala ija m'zidutswa zotere. Lolemba, funani kabuku kanu ka kuchipatala kumene munakabisa, mukaike pamwamba pa dengu poonekera. Basi, ntchito ya tsikulo yatha. Lachiwiri, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena mufunse pa chipatala chathu cha Chiwamba, kuti amai amayezedwa tsiku liti ndi kuti. Lachitatu, uzani mnzanu mmodzi amene mumamkhulupirira, mupangane tsiku. Lachinai, patulani ndalama ya kabaza muimange pa nsonga ya chitenje. Kanthu kali konse kakhale kochepa kotero kuti mungachite manyazi kukakana. Mukaona kuti mwakazembanso, ndiye kuti kanali kakakulu, kaduleni pakati. Ndipo musadikire kuti mantha athe kaye, chifukwa kulimba mtima kumabwera m'mbuyo mwa phazi loyamba, sikutsogola. Mudzapita mukunjenjemera ndithu, ndipo palibe cholakwa pamenepo.

Njira yomweyi igwiranso pa zina zija. Wa ngongole asayambe ndi kufuna ndalama zonse, ayambe ndi kupita kwa msungichuma wa gulu kukamva kuti zafika pa zingati, popeza nambala yodziwika siluma ngati yongoganizira. Wa maliro aja atenge kambale ka ufa, apite ndi mnzake, akakhale pansi ngakhale mau asowe. Wa mankhwala abwerere kuchipatala sabata ino, pakuti anamwino anaonapo ambiri olumpha masiku ndipo chimene amafuna n'chakuti munthu ayambirenso.

Kwa inu amene mudzapemphedwa kuperekeza mnzanu, ntchito yanu ndi yofanana ndi ya agogo a ku Harare. Fikani pa nthawi imene munapangana. Akanena kuti lero sizitheka, musakwiye ndipo musakafalitse pa mjigo. Mfunseni kuti, "Nanga chimene chingatheke lero n'chiani?" Mwina n'kungoyenda limodzi mpaka pa msewu. Chimene mwamva pa ulendowo chikhale cha inu awiri, chifukwa chinsinsi chimodzi chikaululika, amai khumi a m'mudzimo sadzapitanso.

Amai a zaka 25 mpaka 49 ndiwo amaitanidwa makamaka kukayezetsa, ngakhale sakumva kupweteka kuli konse. Ana athu aakazi ali ndi mwai umene ife tinalibe, popeza boma linayamba kupereka katemera wa HPV m'dziko lonse mu 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Muwalole alandire.

Koma pali ena amene njira ya pang'onopang'ono iyi si yao. Ngati mukutaya magazi pamene si nthawi yanu ya kumwezi, kapena mutakhala malo amodzi ndi bambo, kapena munasiya kale kusamba koma magazi ayambanso, kapena mukutuluka madzi onunkha, musawerenge Lolemba ndi Lachiwiri. Pitani mawa m'mawa, ndipo akakutumizani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, pitani komweko. Ndipo inu azibambo amene mudzawerenga mau awa m'magazini kunyumba, mai akakuuzani za ulendo umenewu musafunse kuti fodya asoka ndani. Tulutsani njinga, muwakweze.