Damu Limasamalidwa Kumtunda



Mwandifunsa ngati damu la dothi lingathetse vuto la madzi kwathu kuno ku Mtengowanthenga. Ine ndikuti lingathe, pokhapokha titasamala kumtunda kumene madziwo amachokera. Damu la Mpira ku Ntcheu, limene limamwetsa anthu mpaka ku Balaka, lidaphwa m'chaka cha 2018. Mvula idachepa, komanso mitengo idali itatha m'mapiri, choncho dothi lokokoloka lidadzaza m'damumo. Nawonso mapiri athu a ku Dowa ayera mbee. Tsono tisanasonkhe ndalama zokumbira, tiyambe tabzala mitengo ndi udzu wa vetiva, tileke kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndipo tipangane ndi mafumu kuti ng'ombe zisamaponde khoma la damu.