Njinga Yatsopano Yafika ndi Chilema: Tiisunge Kapena Tiibweze?

Nkhani yathu lero ndi ya njinga yakapalasa, ndipo ndiyamba ndi zimene zidamuonekera mlamu wanga, mlimi wa m'boma la Ntchisi.

Mlamu wangayo adasunga ndalama za soya ndi mtedza kwa zaka ziŵiri kufikira zitakwana kugula njinga. Popeza kwao n'kutali ndi masitolo akuluakulu, adatumiza ndalamazo kwa mwini sitolo wina ku Lilongwe, ndipo iyeyo adakweza njingayo pa lole yopita ku Ntchisi, ili m'katoni, mahandulo ndi mapedulo zitamasulidwa. Tsiku limene idafika, ana ndi akulu omwe adasonkhana pabwalo kudzaona. Katoni itatsegulidwa, anthu adangoti chete. Penti idali itasupuka pa chitsulo chapamwamba, madigadi yakutsogolo idali itapindika, ndipo atalumikiza zonse, gudumu lakutsogolo linkaoneka lopendekera kumanzere.

Pamenepo maganizo adagaŵanika. Amalume ake adati, "Mphwanga, njinga si mphika wadothi. Ingokwera, pakutha mwezi idzakhala itakalikakalika ndithu." Mkazi wake, amene ndi mlongo wanga, adati, "Bambo, thukuta la zaka ziŵiri lisagule chinthu cholumala." Mwini wake adasoŵa chonena. Kuibweza kunkatanthauza kulipiranso lole, kukangana ndi munthu wa m'tauni, ndi kuyenda pansi masabata angapo pamene feteleza ankayenera kutengedwa kumsika. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mudakumanapo ndi vuto lotere, kaya pa njinga, kaya pa makina osokera.

Ine ndikuti onse aŵiri adanena zoona, koma aliyense ankayang'ana chilema chake. Njinga ili ngati munthu: lilipo bala la pakhungu, ndipo lilipo bala la pafupa. Musanaganize zosunga kapena zobweza, yambani mwadziŵa kuti bala lili pati.

Njinga zambiri zimene timakwera kuno zimachokera kutali. Za Hero ndi Avon zimapangidwa ku Ludhiana m'dziko la India, za Phoenix kwao n'ku Shanghai m'dziko la China. Zimaoloka nyanja pa sitima, n'kutsikira pa madoko monga Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenaka n'kugwedezeka m'malole mtunda wautali. Tsono penti yosupuka, belu losweka, madigadi yopindika kapena sipoko imodzi yothyoka si zinthu zodabwitsa, ndipo wokonza njinga wa pansi pa mtengo amazithetsa tsiku limodzi. Pa zotere, pemphani mwini sitolo kuti atsitseko mtengo kapena akupatseni chipangizo china, koma njinga isungeni. Posupukapo pakanipo penti msanga, dzimbiri lisanaloŵe.

Bala la pafupa ndilo lofunika kulifufuza mofatsa, ndipo limabisala. Imirirani kutsogolo kwa njinga ndi kuyang'ana foloko, chitsulo cha mphanda chimene chimagwira gudumu lakutsogolo. Miyendo yake iŵiri iyenera kufanana, ndipo tayala liyenera kukhala pakati penipeni. Kenaka yendetsani chala kunsi kwa zitsulo ziŵiri za fulemu, pomwe zimalumikizana ndi khosi la njinga. Mukamva kotupa, kapena mukaona penti itachita makwinya ngati khungu la nkhalamba, dziŵani kuti chitsulocho chidapindika ndi kugunda kwamphamvu. Penti imakwinyika chifukwa chitsulo chimene chili pansi pake chasuntha. Mng'alu uliwonse pa mfundo zolumikizira, ngakhale wochepa ngati tsitsi, ndi woopsa.

Ilipo njira ina yosalira ndalama. Tengani chingwe chopyapyala, muchimange pamene ekiselo ya gudumu lakumbuyo imaloŵa, muchizunguze kutsogolo kwa khosi la njinga, ndi kuchibweza kumbuyo mbali inayo, chili chokungika. Tsopano yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi chitsulo chimene chimanyamula chishalo, kumanja ndi kumanzere. Mipata iŵiriyo ikasiyana moonekeratu, fulemu ndi yokhota. Mungathenso kugwira chishalo chokha ndi kuikankha njingayo pamalo osalala: yabwino imayenda molunjika, yokhota imakokera mbali imodzi nthaŵi zonse.

Wina anganene kuti amisiri athu amaongola zitsulo tsiku ndi tsiku. N'zoona, ndipo ine ndimaŵalemekeza. Foloko yachitsulo yopindika pang'ono mmisiri waluso angathe kuiongola. Koma chitsulo chimene chafika pochita makwinya kapena kung'aluka chatha mphamvu, ndipo kuotcherera kumangobisa chilemacho. Kumbukirani ntchito imene njinga imagwira kwathu kuno. Imasenza thumba la chimanga la makilogalamu 50, nthaŵi zina aŵiri. Imanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala usiku. Anyamata a kabaza amakwezapo anthu kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa. Foloko ikathyoka pa mtsetse wa m'mapiri a Ntchisi kapena Dedza, wokwerayo amagwa chamutu, ndipo palibe nthaŵi yogwira mabuleki. Komanso, munthu amene walipira mtengo wa njinga yatsopano alandirirenji njinga yoongoledwa?

Nanga lamulo likuti bwanji? Lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu, lotchedwa Sale of Goods Act, limapatsa wogula mpata wokwanira woyendera katundu asanamuvomere. Koma lamulo lomwelo limati munthu akasunga katunduyo nthaŵi yaitali osadandaula, kapena akayamba kumugwiritsa ntchito ngati wake, ndiye kuti wamuvomera. Apa mpamene ambiri timagwera. Timati tiyambe taikwera sabata imodzi tione, ndipo pobwerera kusitolo matayala ali ndi matope, mwini sitolo n'kunena kuti mwaigwetsa nokha. Mungamutsutse bwanji? Choncho mukaona chilema, musaikwere. Sungani katoni ndi lisiti, jambulani chilemacho pa foni pali mboni, ndipo mudziŵitse wogulitsayo tsiku lomwelo.

Lilipo funso lina limene liyenera kufunsidwa ndalama zisanatumizidwe: kodi lole wasankha ndani? Ngati mwatuma nokha munthu wanu kukatenga njinga, mwini sitolo angathe kunena kuti idachoka m'manja mwake ili bwino, ndipo mlandu wanu udzakhala ndi wonyamulayo. Ngati wogulitsa ndiye adalonjeza kukufikitsirani, mawu anu amakhala ndi mphamvu. Gwirizanani zimenezi poyambirira, ndipo zilembedwe pa lisiti.

Musaopsedwenso ndi zikwangwani za m'masitolo zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza ogula mu 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula, lidachenjezapo amalonda kuti chikwangwani chotere sichichotsa udindo wao pa katundu wachilema. Vuto lathu lalikulu ndi manyazi. Tidaleredwa kuti kubweza chinthu n'kupanda ulemu, ndipo pa mphatso mwambowo ndi wabwino. Koma njinga ya m'sitolo mwailipira, ndipo kunena mwaulemu kuti yafika yolumala sikunyoza munthu.

Tibwerere kwa mlamu wanga. Adaitana wokonza njinga wa pamsika, ndipo aŵiriwo adakunga chingwe monga ndafotokozera. Fulemu idapezeka yolunjika, pakhosi padalibe makwinya, koma mwendo umodzi wa foloko udali utabwerera m'mbuyo, mwina chifukwa cha katundu wolemera amene adasanjikizidwa pa katoniyo. Adaimbira foni mwini sitolo madzulo omwewo. Poyamba munthuyo adakankhira mlandu kwa mwini lole, koma mlamu adamukumbutsa modekha kuti loleyo adaisankha ndi iye. Atakambirana kaŵiri, adamvana kuti njinga yonse isabwerere ku Lilongwe: foloko yopindikayo ndiyo idabwezedwa, ndipo sitolo idatumiza foloko ndi madigadi zatsopano popanda malipiro ena.

Padapita masabata atatu njingayo ili chotsamira khoma m'nyumba, ndipo feteleza wa chaka chimenecho adabwera pa njinga yobwereka. Posupuka paja mlamu adapakapo penti yotsala ya pachitseko, yobiriŵira pa njinga yakuda, kotero kuti pamsika palibe amene angaisokoneze ndi ya wina. Amalume aja mpaka lero amati masabata atatuwo adangotayika chabe, komabe akafuna kupita kuchigayo amabwereka yomweyo.