Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Aphunzitsi a Masamu: Kumanga ndi Kugawa SageMath

SageMath ndi pulogalamu ya masamu imene William Stein anaiyambitsa mu 2005 kuti anthu akhale ndi chida chaulere m'malo mwa Magma, Maple, Mathematica ndi MATLAB. M'kati mwake muli mapulogalamu ena ambiri, monga GAP, PARI/GP, Maxima ndi Singular, ndipo chinenero cha Python ndicho chimawalumikiza. Zolemba zake zonse zili poyera, aliyense atha kuzitenga ndi kuzisintha.

Kompyuta siigwiritsa ntchito zolembazo mmene zilili. Zimayamba zasandutsidwa kukhala mafayilo a binary, amene makina amamva. Pa SageMath ntchito imeneyi imatenga maola, ndipo kachidutswa kamodzi kakasowa zonse zimaima. N'chifukwa chake pali anthu amene amamanga pulogalamuyi kamodzi n'kugawira ena ili yomangidwa kale. Ntchito yawo siitamandidwa kwenikweni, komatu ndi imene imachititsa kuti pulogalamu yaulere ifikedi m'kalasi.

Chovuta chachikulu n'chakuti makompyuta ndi osiyana. Purosesa yatsopano imadziwa malamulo, monga a AVX, amene yakale siidziwa. Womanga akalola kuti pulogalamu itsamire pa malamulo a makina ake, imathamanga bwino pamenepo, koma ikafika pa laputopu yakale ya wophunzira imangozima. Pofuna kupewa izi, SageMath inakhala ndi njira yotchedwa SAGE_FAT_BINARY. Zigawo zina, monga GMP ndi OpenBLAS, zimamangidwa zitanyamula malamulo a mapurosesa osiyanasiyana, n'kumasankha oyenera pulogalamu ikayamba. Fayilo imakula, mwina liwiro n'kutsikako pang'ono, koma mtengo umenewu ndi woyenera kulipira.

Pa Linux palinso nkhani ya glibc, chigawo chimene mapulogalamu ambiri amadalira kuti agwire ntchito. Chomangidwa pa glibc yakale chimagwira pa yatsopano, koma chomangidwa pa yatsopano nthawi zambiri chimakana pa yakale. Choncho omanga amasankha dala Linux yakale. Anthu a Python anakhazikitsa mfundo imeneyi mu 2016 pansi pa dzina la manylinux, poyambira pa Linux yotchedwa CentOS 5. Vuto lina ndi mayina a mafoda amene amalembedwa m'kati mwa mafayilo pomanga. Pulogalamu ikasamutsidwa, mayinawo amafunika kukonzedwa.

Pogawa, ambiri amadalira njira zotchedwa conda-forge ndi Docker, pomwe a Windows amadutsira pa WSL, imene imayendetsa Linux m'kati mwa Windows. Sukulu ya AIMS ku Muizenberg, m'dziko la South Africa, inakonza AIMS Desktop, Linux yobwera ndi mapulogalamu a masamu oikidwiratu. Kumene intaneti ndi yodula, munthu mmodzi atha kutsitsa fayilo n'kugawira anzake pa fulashi, pakuti laisensi ya GPL imalola. Wolandira amangofananitsa nambala ya SHA-256 ya fayilo yake ndi imene omanga analengeza, kuti atsimikize kuti sinawonongeke kapena kusinthidwa m'njira.