Mbiri ya Machona: Theka Lili Kuno, Theka Lili Kumudzi

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Nakoli, Kabwe

 Ndabwera ndi pempho limodzi lokha: kuti ana a sukulu zathu ayambe kulemberana makalata ndi ana a sukulu za ku Malawi, nafufuze pamodzi mbiri ya anthu amene anachoka kwao kudzafuna ntchito kuno.

Mudziwa kuti mzinda uno unamera pa mgodi. Miyala ya mtovu inapezeka mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo malo ano anatchedwa Broken Hill. Okumba anachokera kutali, ena mwa iwo ku Nyasaland, atayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Fort Jameson ndi kuwoloka Luangwa. Msonkho wa nyumba ndiwo unawatulutsa m'midzi. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland inayerekeza kuti anthu a dzikolo okwana ngati 120,000 anali kunja: ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndi kuno. Amene sanabwerere anatchedwa machona.

Mu 1921 anthu okumba mu mgodi uno anapeza chigaza cha munthu wakalekale. Chinatumizidwa ku London, ndipo akatswiri alemba za icho mabuku ochuluka. Koma amuna amene anagwira fosholo m'maenje omwewo, ndani analemba maina awo? Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute anakhala kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, nawerenga antchito, malipiro awo, ndi katundu amene anatumiza kumudzi. Ntchito yake ndi yamtengo wapatali, koma ndi ya mawerengero. Munthu mwini, mudzi wake ndi mkazi amene anamsiya pakhomo, mulibemo.

Tsono taonani chimene chachitika. Mdzukulu wa mchona ali m'kalasi mwanu. Adziwa manda a agogo ake ndi ntchito imene anagwira, koma mudzi wawo audziwa dzina lokha, mwinanso molakwa. Ku Kasungu kapena ku Dedza kuli mwana wina amene anamva kuti mlongo wa agogo ake anapita ku Broken Hill, natumiza bulangete kamodzi, kenaka zii. Aliyense wa ana awiriwa agwira theka la nkhani. Buku la boma silingawalumikize, koma mphunzitsi wa kuno ndi mphunzitsi wa uko angathe, pa kalata kapena pa lamya ya m'manja.

Mwana akapita kwa nkhalamba, asayambe ndi kufunsa chaka, pakuti akulu ambiri sawerenga zaka monga ife. Afunse kuti, "Njala ya 1949 inakupezani kuti, agogo? Nanga Chitaganya chisanathe mu 1963 munali mutafika kale?" Afunsenso chiwongo, dzina la nyakwawa, mtsinje wapafupi ndi mishoni imene anabatizidwako. Dzina la munthu limasintha pa ulendo, chifukwa ambiri analembetsa ku ntchito maina ongotola. Koma Phiri sakhala Banda. Ngati m'sutikesi muli chitupa chakale kapena kalata, mwana akopere mawu ake m'kope, pepala lenilenilo alisiye kwa mwini wake.

Pali chinthu china chimene ndinachiphunzira ndi manyazi. Ndinatuma ana osayamba ndapita ndekha kukapempha, ndipo bambo wina wokalamba anawabweza pakhomo, poganiza kuti boma lifuna kumthamangitsa. Mantha akewo sanali opanda pake. Mukumbukira kuti mu 1999 bwalo lamilandu linagamula kuti Dr Kenneth Kaunda si nzika ya Zambia, chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland, ngakhale iye anabadwira ku Chinsali nalamulira dziko zaka 27. Ngati zinagwera iye, nanga wokumba miyala wamba? Chotero mphunzitsi atsogole yekha, afotokoze bwino, ndipo dzina la munthu lisatumizidwe kunja kwa dziko iye asanalole.

Mudzati silabasi yadzaza. Zoona, koma mwana wolemba kalata yoti iwerengedwe ku dziko lina amasamala kalembedwe kake koposa pa mayeso, ndipo mapu amene wajambulapo ulendo wa agogo ake saaiwala.

Mgodi unatsekedwa mu 1994. Amene anaugwirira ntchito ali anyamata m'masiku a Chitaganya tsopano ndi nkhalamba zowerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Amene afuna kuyamba temu ikudzayi alembetse dzina la sukulu yake kwa mlembi tisanabalalike, kuti timpezere sukulu inzake ya ku Malawi.