Nyimbo Zimene Zinatsalira M'nkhokwe

Usiku uno tikambe za Stax, kampani ya ku Memphis ku Amereka, imene inkajambula nyimbo za anthu akuda zotchedwa soul pa mbale za galamafoni.

Opeka nyimbo ake, monga Homer Banks ndi Bettye Crutcher, ankayamba aziyimba okha pa tepi kuti oyimba asankhepo. Koma nyimbo zinachuluka kuposa oyimba, choncho zina zokoma ndithu zinasungidwa, kudikira munthu wa mawu oziyenera. Asanapezeke, ngongole zinagwetsa kampaniyo mu 1975. Matepiwo anatulutsidwa mu 2023, awiriwo atamwalira kale.

Mukudziwa nokha: mbewu ikakhalitsa m'nkhokwe, mwini wake sakolola kanthu. Tsalani bwino.