WAILESI NDI MLENDO, MPHUNZITSI NDIYE MWINI NYUMBA

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za ku midzi ya ku Chipata)

Akulu akale anati, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Anatinso, "Mlendo ndi mame." Miyambi iwiriyi siitsutsana ai. Mlendo angathe kudza ndi nzeru imene mudzi unalibe, koma sakhalitsa. Dzuwa likakwera wapita, ndipo nchito itsalira eni mudzi. Alendo otere alowanso m'sukulu za dziko lino, ndiwo wailesi, wailesi ya kanema, foni ya m'manja ndi kompyuta. Aphunzitsi ena awaopa, poyesa kuti adzawalanda nchito. Ena awakhulupirira mopitirira, natsegula wailesi ndi kukakhala pansi pa mtengo. Onsewo alakwa, ndipo wovutika ndi kulakwa kwaoko ndiye mwana.

1. M'mene alendowa anafikira

Mlendo woyamba anali lamya. Nthambi ya waya wa Cecil Rhodes wodutsa m'Nyasaland inafika ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, m'caka ca 1899, caka comweco cimene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika pa Magwero. Koma lamyayo inatumikira Boma ndi amalonda. Mwana wa sukulu sanapindule nayo.

Nyumba ya mphepo inayamba ku Lusaka mu 1941, makamaka kuti anthu amve mbiri ya nkhondo. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa Boma woyang'anira zofalitsa nkhani, anaikuza, ndipo inachedwa Central African Broadcasting Station. Inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina. Cobvuta cinali cakuti mau anali m'mphepo, koma m'midzi munalibe cowagwirira. Tsono mu 1949 kampani ya Ever Ready inapanga kawailesi ka mabatire kooneka ngati sefuliya, kamene Azungu anakacha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25. Pamenepo anthu okhala kutali ndi Lusaka anayamba kusonkhana madzulo kumvera nkhani za dziko ndi nyimbo za Alick Nkhata. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Unduna wa Maphunziro unakhala ndi nthambi yaceyace youlutsa maphunziro, yochedwa Educational Broadcasting Services.

2. Phunziro la Taonga Market

Nchito ya nthambiyi yoyenera kuilingalira bwino ndiyo ya m'caka ca 2000. Masiku amenewo matenda a Edzi anasiya ana amasiye ambiri, ndipo ambiri a iwo sanali pa sukulu. Unduna, pamodzi ndi bungwe la ku America la Education Development Center, unayamba maphunziro a pa wailesi ochedwa Learning at Taonga Market. Anayesa poyamba ku Lusaka ndi ku Chongwe, ndipo pambuyo pace anafalikira m'zigawo zina. Ana anali kusonkhana m'nyumba ya mapemphero, m'cisakasa kapena pansi pa mtengo. Wailesi zina zinali zopukusa ndi dzanja kapena zolandira mphamvu ya dzuwa, kuti kusowa kwa mabatire kusaimitse phunziro.

Nzeru yaikuru ya maphunzirowa inali apa: okonza ace anadziwa kuti wailesi ilankhula koma siimva. Cotero pa malo onse anaikapo munthu wosankhidwa ndi mudzi kuti atsogolere ana. Phunziro limodzi linali la theka la ora. Mphunzitsi wa m'wailesi anali kuuza mtsogoleriyo kuti alembe cilembo pa bolodi, kapena kuti aitane mtsikana mmodzi awerenge miyala. Atatero anali kukhala cete kanthawi, kuti nchitoyo icitike. M'kanthawi kaceteko ndimo munali phunziro lenileni. Mtsogoleri akakhala wacangu, ana anali kuyankha, kuimba ndi kulemba. Akakhala waulesi, wailesi inali kuyamika ana kuti acita bwino, pamene panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa.

3. Cimene caka ca 2020 cinaonetsa

Pa 20 Marichi 2020 Boma linatseka sukulu zonse cifukwa ca mliri wa COVID-19. Maphunziro anaikidwa pa wailesi ya kanema ya ZNBC TV4, pa intaneti ndi pa wailesi. Ana olemba mayeso, a Giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera pa 1 Juni, ndipo otsala anadikira kufikira Sepitembala.

Miyezi imeneyo inaonetsa zinthu ziwiri. Coyamba, kanema ndi intaneti zifuna magetsi ndi ndalama, ndipo mudzi wa ku Vubwi kapena ku Chadiza wopanda magetsi zinaupitirira. Caciwiri, ngakhale pa nyumba pamene panali wailesi, mwana wopanda womtsogolera sanapite patali. Ora la phunziro linampeza akuweta ng'ombe, akukolola cimanga kapena ali ku citsime. Ndipo akaphonya mau amodzi a Cingerezi, panalibe womfunsa. Nzeru ya Taonga Market inatsimikizidwa kaciwiri: cipangizo cinyamula mau, koma munthu ndiye aphunzitsa.

4. Nchito ya mwini nyumba

Mwini nyumba wabwino akonzeratu mlendo asanafike. Mphunzitsi adziwe mutu wa phunziro tsiku lisanafike, ayese wailesi ngati ili kumveka, nalembe pa bolodi mau atsopano amene ana adzawamva. Ana osamva bwino awakhazike pafupi. Nkoyenera kutero makamaka tsopano, pakuti ciyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo wokhala kumbuyo amva phokoso lokha.

Mlendo ali kulankhula, mwini nyumba sacoka. Mphunzitsi aimirire pamaso pa ana, ayang'ane nkhope zao, nazindikire amene wasocera. Mau ocokera ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, sadziwa kuti mwana wa ku Petauke alankhula Cinsenga kwao, kapena kuti wa ku Lundazi alankhula Citumbuka. Mphunzitsi yekha ndiye adziwa.

Mlendo atapita, nchito iyamba. Mphunzitsi afunse mafunso, abwereze pobvuta, nafanizire phunzirolo ndi zinthu za pamudzi: mtengo wa thumba la nshawa, kutalika kwa munda wa thonje, kuya kwa citsime. Phunziro la wailesi losabwerezedwa lifota monga mbande yookedwa popanda madzi.

5. Cipangizo ciri conse ndi malire ace

Sukulu za pa Magwero ziphunzitsa cinthu ici momveka. Pamenepo pali sukulu ya akhungu, imene ciyambi cace ndi ca 1905, ndiponso sukulu ya ogontha. Kwa mwana wakhungu wailesi ndi bwenzi lalikuru, koma kwa wogontha ili cabe. Iye athandizidwa ndi zithunzi ndi uthenga wolembedwa pa foni. Momwemo mphunzitsi asankhe cipangizo poyang'ana mwana, osati poyang'ana kukongola kwa cipangizoco.

Chipata ili ndi nyumba zace za mphepo, monga Radio Maria ndi Breeze FM, zolankhula cinenero ca anthu a konkuno. Mphunzitsi angauze ana akamvere nkhani za ulimi kapena za umoyo madzulo, ndipo m'mawa azifotokoze m'kalasi ndi kuzilemba. Potero aphunzira kumvetsera, kukumbukira ndi kulongosola.

Foni ya m'manja iposa wailesi pa cinthu cimodzi, ndico cakuti iyankha. Mphunzitsi wokhala yekha ku sukulu yakutali angafunse mnzace za samu yomsautsa, nalandira yankho tsiku lomwelo. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Angadziwitsenso makolo msanga mwana akadwala kapena akaleka kufika ku sukulu. Koma foni yomweyo inyamula mabodza, miseche ndi mapepala onenedwa kuti ndi mayeso obedwa. Mphunzitsi wolandira zotere nazipititsa kwa ana aononga cikumbumtima cao ndi dzina lace lomwe. Aphunzitse ana kufunsa pa uthenga uli wonse kuti, "Wanena ndani, ndipo wadziwa bwanji?" Ndiponso foni yolira m'thumba la mphunzitsi pakati pa phunziro iba nthawi imene si yace.

Kumene kuli kompyuta imodzi ndi ana makumi asanu, mphunzitsi aike dongosolo kuti ali yense aikhudze ndi manja ace, atsikana pamodzi ndi anyamata, osati ocenjera okha.

Makolo akatuma mwana ku sukulu sampereka kwa wailesi kapena kwa foni; ampereka kwa munthu wokhala ndi dzina, amene adzayankha za mwanayo pamaso pao ndi pamaso pa Mulungu. Tsono mphunzitsi alandire alendowa ndi manja awiri, awapatse mpando, natenge kalumo kakuthwa kamene adza nako. Koma mpando wa mwini nyumba asaupereke.