Liwu la Chingerezi loti "take": nkhani yokambidwa pa bwalo la ophunzira ku Chifunde



Miyezi yapitayi takhala tikuphunzira kuwerenga Chinyanja, chilankhulo chathu, ndi Chipwitikizi, chilankhulo cha boma. Lero tikhudzako Chingerezi. Musade nkhawa, sitiphunzira Chingerezi chonse ayi. Titola liwu limodzi lokha, la zilembo zinayi: t, a, k, e. Polemba ndi take, koma pakamwa limatuluka ngati "teiki". Tiyeni tinene pamodzi: teiki.

Wina afunsa kuti, Chingerezi n'cha chiyani kwa ife a ku Chifunde? Tayang'anani malo amene tikukhala. Dera lathu lachita malire ndi Zambia. Msewu wochokera ku Tete umadutsa muno mpaka pa Cassacatiza, kuolokera ku Chanida, n'kukafika ku Katete. Ambiri a ife timagula ndi kugulitsa kutsidyako, ndipo ena matenda akakula amapita ku chipatala cha St. Francis ku Katete. Pa nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, makolo athu ambiri anathawira ku Ukwimi, m'dera la Petauke, ena ku Malawi, ndipo abale ena anatsalira komweko. Anthu a kutsidya ndi abale athu, pakamwa timamvana nawo bwino lomwe. Koma mapepala awo amalembedwa m'Chingerezi, chifukwa atsamunda awo anali Angerezi monga athu anali Apwitikizi. Ngakhale kuno kwathu, mankhwala ambiri amachokera kunja, ku maiko monga India, ndipo pa bokosi pamakhala Chingerezi.

Pamene tinalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse m'Mozambique sankadziwa kuwerenga. Atsamunda ankafuna manja athu okha, mitu yathu analibe nayo ntchito. N'chifukwa chake mu 1978 Pulezidenti Samora Machel anatsegula kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga m'dziko lonse. Ife tikupitiriza ntchito yomweyo. Ndipo ine ndikuti ntchitoyi siinathe ngati mayi adziwa kulemba dzina lake, koma pepala la mankhwala amene ali nawo m'manja likumugonjetsa.

Tsono tibwere ku liwu lathu. Ndi mneni, kutanthauza mawu osonyeza chimene munthu akuchita. Tanthauzo lake loyamba ndi kutenga. Take the hoe, tengani khasu. Take the child home, pitani naye mwana kunyumba. Apa Chipwitikizi chimati levar. Ngati zinachitika kale, liwuli limasintha n'kukhala took, "tuku". Palinso taken, "teikeni", limene mudzalipeza pa mabotolo. Atatuwa ndi mwana mmodzi wovala malaya osiyana.

Ambiri amalekera pomwepa. Amasunga m'mutu kuti take ndi kutenga, basi. Ngozi imayambira pamenepo, chifukwa liwuli lili ngati birimankhwe: limasintha maonekedwe malinga ndi liwu limene layandikana nalo. Izi si zachilendo kwa ife. Taganizani za kumva. Timamva kulira kwa ng'oma, timamva njala, timamva fungo la ndiwo, timamva phunziro, ndipo mwana wamwano timati samva. Liwu ndi limodzi, koma palibe amene amasokonezeka, chifukwa timamvetsera liwu lotsatira. Chitani chimodzimodzi ndi take. Musaliwerenge lokha. Yang'anani mnzake.

Mnzake akakhala mankhwala, take ndi kumwa. Ife timamwa mankhwala, ngakhale piritsi louma timati kumwa. Apwitikizi amati tomar. Angerezi amati take. Ndalemba pa bolodi:

Take 1 tablet 3 times a day.

Tablet ndi piritsi. Times ndi maulendo, kangati. Day ndi tsiku. Tanthauzo lake: imwani piritsi limodzi katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi usiku. Onani kuti pali manambala awiri. Nambala yotsatira take ikunena mapiritsi angati pa ulendo umodzi. Nambala yotsogolera times ikunena kangati. Munthu wosinthanitsa manambalawa adzamwa mapiritsi atatu nthawi imodzi, ndipo mankhwala ena akachuluka chotero amavulaza. Azaumoyo akafulumira amangolemba 1 x 3 pa kathumba. Ndi nkhani yomweyo.

Tiyese ndi mankhwala a malungo a Coartem, amene tonse tikuwadziwa. Munthu wolemera makilo 35 kapena kuposa amamwa mapiritsi 4 pa ulendo umodzi, kawiri pa tsiku, kwa masiku 3. Werengani ndi timiyala: 4 ndi 4 ndi 8 pa tsiku, masiku atatu ndi 24. Pa pepala lake mudzaona mawu onga take with food, imwani pamodzi ndi chakudya. Pali chifukwa chake. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akakumana ndi chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Ndipo mapiritsi onse 24 ayenera kutha. Ena akapeza bwino tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzathandize mwana kapena mnansi. Kumeneko si kusamala. Tizilombo totsala m'magazi timadzukanso, ndipo mlingo wa wamkulu si mlingo wa mwana.

Za ana ndinenepo ichi. Pa botolo la mankhwala a madzi a mwana nthawi zambiri salemba take, amalemba give, "givi", kutanthauza patsani kapena mwetsani. Mukaona 5 ml, ndi kasupuni kamodzi kakang'ono kamene kamabwera ndi botolo, osati supuni yaikulu yodyera phala.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pa moyo ndi imfa. Pali liwu lina lalifupi, not, "noti". Ndilo liwu lokaniza, monga ife timanenera kuti osa-, kapena Apwitikizi não. Pa mabotolo ena a mankhwala opaka pakhungu pamalembedwa:

Not to be taken.

Munthu amene anasunga kuti take ndi kutenga adzaganiza kuti akumuuza kuti asanyamule botolo, kapena asabe. Si choncho. Akunena kuti OSAMWA. Mankhwalawo ndi opaka kunja kokha, akalowa m'mimba ndi chiphe. Botolo lotere liikeni pamwamba, kutali ndi ana, kutalinso ndi mankhwala akumwa. Chimodzimodzi do not take, musamwe. Pa bokosi la paracetamol, amene ambiri timangoti Panado, pamalembedwa kuti wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24. Mawu ake amayamba ndi do not take more than, musamwe kuposa. Wopitirira mlingowu amaononga chiwindi, ndipo poyamba samva kanthu, ululu umabwera chiwindi chitaonongeka kale. Lembani m'makope mwanu mawu awiriwa, take ndi not, ndipo pansi pa not mujambule mzere wakuda.

Matanthauzo ena ndi opepuka, sindichedwapo. Namwino akanena take a seat, musasenze mpando kupita nawo kunyumba, akuti khalani pansi. Take off your shirt, vulani malaya. Kaliwu koti off ndi kamene kasandutsa kutenga kukhala kuvula, ndipo Chipwitikizi apa chimati tirar. Akatenga magazi, akayeza kutentha kwa thupi, akakujambulani chithunzi cha pa chiphaso, onsewo kwa Mngerezi ndi take. Pa ulendo, take a bus ndi kukwera basi, monga timanenera apanhar chapa. It takes two hours, ulendowo ndi wa maola awiri. Potsanzikana amati take care, dzisamaleni, pitani bwino. Mwaona kuti pamene Mpwitikizi ali ndi levar, tomar, tirar ndi apanhar, Mngerezi amasenzetsa katundu yense liwu limodzi.

Ndikuuzeninso kuti liwuli Angerezi anachita kubwereka. Makolo awo akale ankati niman. Take anabwera ndi anthu a ku Scandinavia amene anaoloka nyanja n'kukhazikika ku England zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo m'chilankhulo chawo ankati taka. Ifenso tinabwereka nsapato ndi mbatata kwa Apwitikizi, sopo ndi buku kwa Angerezi. Choncho musachite nacho mantha Chingerezi ngati chinagwa kumwamba. Ndi chilankhulo cha anthu, chosokedwa zigamba ngati chathu.

Koma ndisakunamizeni kuti liwu limodzi likusandutsani adokotala. Pepala likakhala ndi mawu amene simukuwadziwa, funsani wazaumoyo musanachoke pa zenera, ndipo mubwereze pamaso pake: angati, kangati, masiku angati, ndisanadye kapena nditadya? Akulu anati safunsa anadya phula. Chimene kuwerenga kukupatsani n'chakuti mukafika kunyumba, mutu ukuwawa, mawu a namwino mwaiwala, pepala lija lidzakukumbutsani, ndipo simudzayenda usiku kufuna mwana wa sukulu woti akuwerengereni.

Nayi ntchito yathu. Lachinayi aliyense abwere ndi bokosi, botolo kapena kathumba ka mankhwala kopanda kanthu kamene kali kunyumba. Mankhwala enieniwo muwasiye, tikufuna zolembedwa zokha. Tidzakhala m'magulu a anthu asanu, amayi ndi abambo pamodzi. Gulu lililonse lidzafufuza take, taken, tomar ndi not, lidzawerenga manambala, kenaka mmodzi adzaimirira kutiuza m'Chinyanja zimene pepalalo likulamula. Amene ali ndi mabokosi awiri agawireko mnzake amene alibe.

Tsopano tengani mapensulo. Tiyambe ndi chilembo t.